Dzalanyama, kumene anayambira mapazi a munthu

Dzulo pochokera kudimba ndinaima pachulu n'kuyang'ana kum'mwera, kumene mapiri a Dzalanyama amaonekera. Mtima unandiwawa.

Agogo ankatiuza kuti m'mapiri amenewa muli Kaphirintiwa, pamene Chauta anatsitsira anthu oyamba ndi nyama, thanthwe lidakali lofewa, mapazi awo n'kudindika pamwala. Chakufupi, ku Msinja, kunali kachisi wa Makewana. Mvula ikavuta, mafumu ankatumiza nsembe kumeneko. Atsamunda anadzaika malire a nkhalangoyi mu 1922.

Tili anyamata tinkalawirira kukada, chimanga chokazinga m'thumba, kukatola masuku ndi kuzula bowa. Unkayenda mumthunzi wa mitsamba ndi miombo mpaka kuiwala kuti kunja kuli dzuwa. Lero m'njira zomwezo mumakumana ndi njinga zosenza matumba a makala, zonse mutu uli ku Lilongwe. Mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali, koma nkhwangwa sinagone.

Inu achimwene a ku Kawale ndi ku Area 25, mtsinje wa Lilongwe umachokera momwemo, n'kudzaza damu la Kamuzu ku Malingunde. Madzi a pampopi panuwo ndi a Dzalanyama. Makala a pambaula panuwonso ndi a Dzalanyama. Ziwirizi sizingakhalitse limodzi.

Mukabwera pa Khirisimasi, tengani ana. Tikayende nawo wapansi, akaone mitengo idakalipo.