Sukulu Yaulere ndi Ndalama ya Chitukuko

Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ku pulayimale, ana pafupifupi 1 miliyoni anawonjezekera m'sukulu chaka chimodzi chokha. Makalasi sanakwane, ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Boma linkalipira aphunzitsi, koma zimbudzi, mlonda ndi madenga osasuka ndi mphepo zinatsalira makomiti a makolo.

Kuthandiza sukulu sikunali kwachilendo. Kuyambira nthawi ya amishoni, anthu akumudzi ankaumba njerwa n'kumanga okha makalasi. Chinasintha n'chakuti thandizolo linasanduka ndalama ya chitukuko, yosonkha mwana aliyense. Dera la anthu opeza bwino linkasonkha zambiri, losauka zochepa. Ndipo mwana akabwezedwa kunyumba chifukwa makolo sanalipire, fizi ija inkakhala yabwerera ndi dzina lina.