Mwana Wotsika Kumsana: Mbiri ya Kaleredwe ka Ana Opondana

Pachichewa, ana awiri obadwa motsatizana amatchedwa opondana. Munthu akamalozera mng'ono wake amati, "Uyu ndiye ndidapondana naye," ndipo womva amadziwa kuti pakati pa awiriwo palibe mwana wina. Mawuwa amanenedwa mwansangala anthuwo atakula, koma tsiku limene kupondanako kumayamba silikhala lokoma kwa onse. Khanda likafika, achibale amabwera ndi ufa, nkhuni ndi sopo, nthungululu nkumamveka pabwalo. Koma pakhomo pomwepo pamakhala kamwana kena ka zaka ziwiri kapena zitatu kamene kataya zinthu zitatu pa nthawi imodzi: bere, msana ndi mphasa ya mayi wake. Mbiri ya miyambo ya uchembere pakati pa Achewa ndi anansi awo imasonyeza kuti makolo akale sankamuiwala mwana ameneyu. Ankadziwa kuti m'nyumba ya khanda, amene moyo wake uli pachiswe nthawi zina si khandalo ayi, koma mkulu wake.

Masiku a chikuta

Mwa mwambo wa chikamwini, mwamuna ankakhala kwawo kwa mkazi. Motero mayi ankachira ali pakati pa abale ake: amayi ake, azichemwali ake ndi agogo ake. Akachira, ankakhala m'chikuta, ndiko kuti kubindikira m'nyumba pamodzi ndi khanda kufikira mchombo utagwa, pafupifupi sabata imodzi. Masiku amenewo si aliyense ankalowamo. Amayi achikulire ndiwo ankaphika, kutunga madzi ndi kusonkha moto.

Nanga wamkuluyo ankakhala kuti? Malo ake adali kukuka, kunyumba ya agogo. Akuluakulu sankadikira tsiku lobadwa khanda kuti amsamutse. Pathupi pakayamba kuoneka, agogo ankayamba kumuzoloweza pang'onopang'ono: lero kumuitana kuti adye nawo mbatata yootcha, mawa kumugoneka pamphasa pawo nthano ili m'kati. Pofika tsiku la chikuta, mwanayo adali atadziwa kale fungo la nyumba ina ndi manja ena. M'mawa ankapeza mkute umene agogo amsungira, madzulo ankagona pakati pa asuweni ake. Mwambi woti "mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi" unkaoneka ndi maso pamenepa.

Tsiku lotuluka m'chikuta, nyumba inkazilidwa, khanda linkametedwa ndi kumangidwa mkuzi m'chiuno. Mkuziwo udali ndi tanthauzo la mankhwala, komanso unkathandiza kuona ngati mwana akunenepa: ukathina, amayi ankadziwa kuti zinthu zili bwino. Ndipo wamkuluyo ankaitanidwa kudzaona mlendo amene wamlanda malo.

Nsanje ya mwana

Mtima wa mwana wa zaka ziwiri sudasinthe chiyambire kale. Ena ankabwerera kukwawa chonsecho adali atayamba kuthamanga. Ena ankayambanso kukodza pamphasa, kukana phala, kapena kukoka nsalu ya mayi pofuna bere. Ena ankayandikira khanda ngati akulisisita, kenaka nkulitsina, kapena kufuna kugwira paliwombo, malo ofewa a pamutu amene amayi onse ankawasamala kwambiri. Chifukwa chake khanda silinkasiyidwa lokha ndi mkulu wake, ngakhale kwa kanthawi kopita kunkhokwe.

Mankhwala a nsanje imeneyi adali awiri: ulemu ndi ntchito. Kamwana kamene dzulo kankaitanidwa ndi dzina lokha kankayamba kumva anthu akuti, "Akulu ake a mwana ali kuti?" Kum'mwera ankati achimwene kapena achemwali. Kenaka kankapatsidwa udindo wolingana ndi msinkhu wake: kuingitsa ntchentche pankhope ya khanda, kubweretsa chikho posambitsa, kuthamangira kumtondo kukauza amayi kuti mwana wadzuka. Kamtsikana kankamangiriridwa chitsononkho kumsana ndi kansanza kuti nakonso kakhale ndi "mwana" wake. Amayi akanyamuka kupita kumunda kapena kudimba, khanda lili kumbuyo, wamkuluyo ankatsala ndi mlezi, kawirikawiri mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu wa pambumba yomweyo. Pamenepa ndi pamene chibale chinkayambira, chija akuluakulu amati ndi fupa sichiola.

Pakati pa Angoni, amene amatsata mtundu wa bambo, udindo umenewu udali m'manja mwa agogo a kuchimuna. Margaret Read, amene adakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930 nalemba buku la kaleredwe kawo lomwe lidatuluka mu 1959, adafotokoza kuti amayi achikulire a kwa bambo ndiwo ankalamula nthawi yoletsa mwana kuyamwa, ndipo atsikana olera ana adali mbali ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Mitundu iwiriyi inkasiyana pa mbali imene mwana akutsamira, koma inkagwirizana pa mfundo imodzi: mwana wotsika kumsana ayenera kupeza wina womulandira.

Kutumbiza ndi utumbidwa

Zonsezi zinkayenda bwino ngati khanda labwera pa nthawi yake, mkulu wake atayamba kuyenda, kuyankhula ndi kudya nsima. Koma mayi akaima mwana akadali wa kubere, anthu ankati watumbiza, ndipo adali mawu ochititsa manyazi banja lonse. Anamkungwi ankamudzudzula mkaziyo, ankhoswe nawo ankamukhazika pansi mwamunayo.

Chimene ankaopa chidali ndi dzina: utumbidwa. Anthu ankakhulupirira kuti mkaka wa mayi woyembekezera ndi woonongeka, choncho mwana ankachotsedwa kubere mwadzidzidzi, nthawi zina pomupakira tsabola kapena zowawa zina pabere. Pakapita milungu ingapo, mwanayo ankayamba kulira kosalekeza, kutsegula m'mimba ndi kukana chakudya. Miyendo ndi masaya zinkatupa, tsitsi linkafiira ndi kupyapyala, khungu nkumasupuka. Ambiri sankafika pooneka ndi mng'ono wawo akukwawa.

Zizindikiro zofanana ndi zimenezi ankazitchanso tsempho kapena mdulo, pamene ankaganiza kuti makolo aphwanya mwambo. Mwa chikhulupiriro cha Achewa, khanda lidali "lozizira" ndipo munthu amene wakhala malo amodzi ndi mnzake adali "wotentha". Choncho makolo ankagona padera kufikira mwambo wa kutenga mwana utachitika, ndipo bambo wozembera kunja pa nthawi imeneyi ankanenedwa kuti wamsempha mwana wake. Kutalika kwa nthawi yodziletsayi kudali kosiyana malinga ndi dera. Katswiri wa chiwerengero cha anthu, Eliya Zulu, adasindikiza kafukufuku mu 2001 wosonyeza kuti kumpoto mabanja ankadziletsa nthawi yaitali kuposa onse, pamene m'chigawo chapakati nthawiyo idali yaifupi. Chimene chinkathandiza kwambiri kutalikitsa mpata chidali kuyamwitsa kwa nthawi yaitali, usana ndi usiku, pakuti mayi woyamwitsa motere amachedwa kuyambanso kusamba.

Dzina lofanana kuchokera ku Ghana

Nzeru yozindikira matendawa siidali ya Achewa okha. Dokotala wina wobadwira ku Jamaica, Cicely Williams, akugwira ntchito mumzinda wa Accra m'dziko la Gold Coast, lomwe lero ndi Ghana, adaona ana ambiri otupa miyendo ndi ofiira tsitsi. Adalemba za iwo mu 1933, ndipo mu 1935 adabweretsa m'mabuku a zachipatala dzina limene anthu a chiyankhulo cha Ga ankagwiritsa ntchito: kwashiorkor, kutanthauza matenda a mwana amene wachotsedwa pamalo pake chifukwa cha kubwera kwa wina. Iye adaona kuti anawo ankadyetsedwa phala la chimanga lokha atachoka kubere.

Apa ndi pamene mwambo ndi chipatala zimakumana ndi kusiyana. Makolo adaona bwino nthawi imene matendawa amagwa ndiponso mwana amene amamugwera. Chimene adaphonya ndi gwero lake. Mkaka wa mayi woyembekezera suwola, ndipo ngati pathupi palibe vuto, iye angathe kupitiriza kuyamwitsa. Chimene chinkapha ana ndi kuchotsedwa kubere mwadzidzidzi ndi kusiyidwa pa phala lamadzimadzi la ufa woyera, lodzaza m'mimba koma losamanga thupi, kuonjezapo matenda otsegula m'mimba, chikuku ndi malungo. Nsinjiro, nyemba, usipa ndi mazira zinkapezeka m'midzi yambiri, koma sizinkafika kawirikawiri m'mbale ya mwana wamng'ono.

Zimene zidasintha pakhomo

M'zaka za utsamunda, msonkho udachotsa amuna ambiri m'midzi kupita ku Halale ndi ku Joni. Kuchoka kwawo kunkatalikitsa mpata pakati pa ana, koma kunkasiya mayi ndi khasu, mtondo, khanda ndi kamwana koyenda, zonse pamutu pake. Sukulu zitachuluka, atsikana amene adali alezi adayamba kulowa m'kalasi, chinthu chabwino chimene chidasiyanso mpata pakhomo. Mabanja osamukira ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe adasiya kuka kumudzi.

Zipatala za mishoni ndi za boma zidabweretsa sikelo ya ana osakwana zaka zisanu, kumene kulemera kwa mwana kumalembedwa pakhadi mwezi ndi mwezi, ntchito ija mkuzi unkagwira mwa njira yake. Phala la ufa wa chimanga wosakaniza ndi zomanga thupi monga soya lidatchuka ndi dzina la Likuni Phala, potengera ku Likuni pafupi ndi Lilongwe kumene lidayambira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, madokotala a ku Blantyre, mmodzi mwa iwo Mark Manary, adasonyeza kuti ana onyentchera angathe kuchirira kunyumba ndi chiponde chokonzedwa mwapadera kuchokera ku mtedza, mkaka waufa, mafuta ndi shuga.

Nkhani ya njira zamakono zolera idayenda movutikirapo. Boma la Dr. H. Kamuzu Banda lidaziletsa m'zaka za m'ma 1960, ndipo lidazivomereza mu 1982 pokhapokha ngati njira yotalikitsa mpata pakati pa ana, osati yochepetsa chiwerengero chawo. Mwa njira imeneyi uthengawo udalankhula chinenero chimene agogo ankachidziwa kale: osatumbiza. Ngakhale mawu amene adasankhidwa, kulera, ndi omwe aja otanthauza kusamala mwana amene wabadwa kale. Bungwe la Banja La Mtsogolo lidayamba ntchito mu 1987.

Ziwerengero zikuonetsa kukula kwa kusinthaku. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 1992 adapeza kuti mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 6.7 pa moyo wake, ndipo mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa mtundu womwewo wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 4.4 pa mayi aliyense ndi imfa 63 pa ana 1,000. Komabe pa nthawi yomweyo ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kuposerapo, ndiponso kuti papite miyezi yosachepera 24 mayi asanatenge pathupi pena. Anamkungwi akale akadamva malangizo omalizawa akadangogwedeza mutu movomereza.

Nyumba ya masiku ano

Lamulo la ntchito la 2000 lidapatsa mayi wapantchito tchuthi cha uchembere cha milungu yosachepera 8 kamodzi pa zaka 3 zilizonse, ndipo kusintha kwa lamuloli mu 2021 kudapatsa bambo milungu iwiri. Milungu imeneyi ikatha, khanda ndi mkulu wake amatsala ndi wantchito wa pakhomo, kapena wamkuluyo amapita kusukulu yamkaka. Mabanja amene ali ku Johannesburg kapena ku London amaonetsa khanda kwa agogo kudzera pa foni. Agogo angathe kupereka dzina ndi malangizo pa foniyo, koma sangathe kumugoneka mdzukulu wansanje pamphasa pawo.

Kamwana ka lero kamauzidwa kuti khanda lagulidwa kuchipatala, ndipo patapita masiku awiri kamafunsa kuti alibweza liti. Funsoli limaseketsa, koma ndi dandaulo lomwe lija la mwana wa kukuka. Utumbidwa wa miyendo yotupa wachepa, ngakhale sunatheretu. Chimene chatsala m'nyumba iliyonse, yolemera kapena yosauka, ndi mwana amene sakumvetsa chifukwa chake msana umene udali wake wapatsidwa kwa wina.

Pa zimene makolo ankachita, zina nzoyenera kusiyidwa: tsabola pabere, kuloza mayi chala mwana akatupa m'malo mothamangira naye kuchipatala, ndi kusenzetsa kamtsikana udindo woposa msinkhu wake. Koma zitatu zidakali ndi ntchito. Choyamba, kumukonzekeretsa mwana khanda lisanafike. Chachiwiri, kumupatsa ulemu ndi kantchito kake kuti aone kuti wakwezedwa, sadatayidwe. Chachitatu, kuonetsetsa kuti pali munthu wamkulu mmodzi amene maso ake ali pa iyeyo ndi pa mbale yake. Kumene kulibe agogo, malo amenewo ndi a bambo, a azakhali, a amalume kapena a mnansi wokhulupirika, pakuti akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mlendo wobwera kudzaona khanda achita bwino kuyamba wapereka moni kwa akulu ake amene aima pakhomo, chala chili m'kamwa.