Land Rover ya ku Fort Jameson ndi mapepala ake

M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, galimoto inkachoka ku Lilongwe n'kudutsa pa Mwami kufika ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, osalipira msonkho wa kasitomu. Maiko atatu a m'chitaganyacho anali ndi kasitomu imodzi. Ma Land Rover ndi malole a Bedford onyamula fodya ankangoyenda.

Ena mwa magalimotowo akalipo, koma wofuna kuwabwezeretsa pamsewu amatuluka thukuta. Bungwe la ku Zambia loona za magalimoto la RTSA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, limafuna white book, buku la umwini wa galimoto. Likasowa, pamafunika umboni wa bungwe lotolera misonkho la ZRA ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba. Nanga chikalata cha kasitomu achitenga kuti munthu amene galimoto yake inalowa kopanda msonkho?

Nambala ya chasisi nayonso imavuta. Ya zilembo ndi manambala 17 inayamba kufala mu 1981, pomwe zakale n'zazifupi. Makaniko amapala dzimbiri ndi bulashi ya waya, n'kupaka choko kuti manambala aoneke. Nthawi zina amapeza kuti wowotcherera wina kalekale anamata chigamba pomwepo, ndipo injini ndi ya galimoto ina. Apatu wapolisi salakwa kukayika, ngakhale mwini wake asanabe kanthu.