Kuphatikiza mahomoni pochiza chithokomiro chofooka

Kuphatikiza mahomoni ndi njira yothandizira munthu amene chithokomiro chake sichikutulutsa mahomoni okwanira, pomupatsa mankhwala awiri: levothyroxine, amene ndi homoni ya T4, ndi liothyronine, amene ndi T3. Chithokomiro chikafooka, munthu amatopa msanga, amamva kuzizira, amanenepa, amadzimbidwa ndipo khungu limauma.

Chithandizo chodziwika ndi levothyroxine yekha, kamodzi pa tsiku. Chifukwa chake n'chakuti thupi limasandutsa lokha T4 kukhala T3, homoni yamphamvu kwambiri pa awiriwa. Asayansi anatsimikiza zimenezi mu 1970. Komabe odwala ena amadandaulabe za kufooka ndi kuiwalaiwala ngakhale magazi awo akuonetsa kuti homoni ya TSH, imene madokotala amayezera matendawa, ili pa mlingo wake.

Mu 1999, kafukufuku wa anthu 33 ku Kaunas m'dziko la Lithuania anapeza kuti odwala ankapezako bwino atachotsa mamaikirogalamu 50 a T4 n'kuikapo 12.5 a T3. Kafukufuku wambiri amene anachitika pambuyo pake sanapeze kusiyana koonekeratu. N'chifukwa chake mu 2012 bungwe la European Thyroid Association linati njirayi ingoyesedwa kwa odwala ochepa, moyang'aniridwa ndi katswiri, ndipo isiyidwe ngati palibe kusintha pakatha miyezi itatu.

Vuto la T3 ndi lakuti sachedwa kutha m'magazi. Theka lake limatha pa tsiku limodzi chabe, pomwe la T4 limatenga pafupifupi mlungu wathunthu. Akachuluka, mtima umagunda mosalongosoka ndipo mafupa amafooka. Amayi oyembekezera sapatsidwa, poti ubongo wa mwana wosabadwa umadalira T4 wa mayi ake.

Ku Malawi, vuto la chithokomiro lakhala likuchokera makamaka ku kusowa kwa ayodini m'zakudya, mchere wa m'thupi umene mahomoniwa amapangidwira. Boma la Ntcheu ndi limodzi mwa madera amene kutupa kwa pakhosi kunali kofala, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ofufuza a yunivesite ya Wageningen ya ku Netherlands anayesa kumeneko mafuta okhala ndi ayodini pa ana a sukulu za pulayimale. Mu 1995 dziko linakhazikitsa lamulo lothira ayodini mu mchere. Amene chithokomiro chawo chinawonongeka kapena kuchotsedwa pa opaleshoni, mcherewo sungawathandize. Amenewa amamwa levothyroxine moyo wawo wonse, ndipo amafunika kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi, makamaka pakatha milungu 6 mpaka 8 chisinthireni mlingo wa mankhwala.