Mbiri ya Oyeza Mphamvu ya Zipangizo Zophatikiza

Kuyambira masiku amene Farao anamana ana a Israyeli udzu woumbira njerwa, munthu wakhala akudziwa kuti zinthu ziwiri zofooka, zikaphatikizidwa mwaluso, zimabala chinthu cholimba. Koma nzeru yowerengeratu katundu amene chinthucho chingasenze chisanathyoke inachedwa ndithu kubadwa.

Pa chitsulo ntchitoyi inali yopepukirapo, pakuti chitsulo chimalimba mofanana mbali zonse. Koma pamene akatswiri a ku Farnborough, m'dziko la England, anapeza mu 1963 njira yopangira ulusi wa kaboni wamphamvu, umene amauyala m'magawomagawo naumata ndi utomoni, mainjiniya anakumana ndi chinthu chonga chikuni, chimene chimakanika nkhwangwa ukachidula mopingasa, koma chimang'ambika msanga ukatsata mitsempha yake. Kampani ya Rolls-Royce inalawa zowawa zake, chifukwa zipeperu za injini ya ndege ya RB211, zopangidwa ndi ulusi wotere, zinaphwanyika mu 1970 atazigunditsa mbalame poziyesa. Ndipo tsokali, pamodzi ndi ngongole zina, linagwetsa kampaniyo mu 1971, boma la Britain niliitenga. Chaka chomwecho Stephen Tsai ndi Edward Wu anafalitsa masamu olosera pamene zipangizozi zidzagonja.

Kompyuta itafika, nitha kugawa phiko la ndege m'tizidutswa zikwizikwi ndi kuwerenga kupanikizika kwa kalikonse, ambiri anayesa kuti nkhondo yatha. Si momwemo ayi. Mu 2009, poyesa pansi ndege ya Boeing 787, imene theka la kulemera kwake ndi zipangizo zophatikiza, anapeza kuti polumikizira phiko ndi thupi panali pofooka kuposa mmene masamu analonjezera, kotero kuti ulendo wake woyamba unadikira kufikira mwezi wa December.

Apa mpamene paonekera ulemu wa injiniya wamkulu. Iye adziwa kuti sipanala ikagwera pa phiko lotere, kunja kumatsala kosalala, pamene m'kati magawo alekana. Waonapo amisiri akugogoda phikolo ndi ndalama yachitsulo, khutu lili tcheru kumvera pamene palira mogonthera. Ndipo zotsatira za kompyuta sazivomera asanazitsimikize ndi masamu a pamanja ndiponso ndi tizidutswa tothyoledwa dala. Achinyamata awerengetsera, koma wosainira ndiye, ndipo miyoyo ya okwera ili pa dzina lakelo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Inu anyamata ndi asungwana amene mukhumba ntchito imeneyi, musathamangire mpando. Yambani mwakhala zaka m'nyumba yoyesera, mukuona ndi maso anu mmene zinthu zimathyokera.