Laser: kuwala kothandiza maso ndi kuwongola chicherewecherewe

Laser ndi chipangizo chotulutsa kuwala kwa mtundu umodzi kolunjika pamalo amodzi, moti dokotala angathe kukuloza pa kadontho kochepa kuposa njere ya mawere. Dzinali limamveka ngati lezala, koma chipangizocho chilibe lumo. Chimagwira ntchito potentha kapena kusenga timinofu tating'ono kwambiri. Laser yoyamba anaipanga Theodore Maiman ku California m'chaka cha 1960.

Mbali ina ya mbiri ya chipangizochi pa zachipatala inalembedwa ku Laurel, tauni ya m'chigawo cha Maryland yomwe ili pakati pa Washington DC ndi Baltimore. Kumeneko kuli Applied Physics Laboratory, malo ofufuzira a yunivesite ya Johns Hopkins omwe amadziwika kwambiri ndi zida zankhondo ndi zombo zam'mlengalenga. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, dokotala wa maso Arnall Patz wa ku Wilmer Eye Institute ku Baltimore anagwirizana ndi akatswiri a pamalowo ndipo anapanga imodzi mwa laser zoyambirira za mpweya wa argon zothandizira maso a odwala matenda a shuga.

Vuto lomwe ankalimbana nalo ndi ili. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ta retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso komwe kamalandira kuwala. Retina ikayamba kusowa mpweya wabwino, diso limameretsa timitsempha tatsopano tosalimba. Timeneti timaphulika, magazi nkudzaza m'diso, munthu nkuchita khungu. Dokotala amatentha timadontho toposa 1,000 m'mphepete mwa retina koma pakati posakhudzapo. Nzeru yake ikufanana ndi ya mlimi wopatulira chimanga: zolimbirana chakudya zikachepa, zotsala zimapulumuka, ndipo timitsempha toipa tija timafota. Mtengo wake ulipo, pakuti ena saonanso bwino chammbali ndiponso usiku. Komabe kafukufuku wa bungwe la National Eye Institute la ku Bethesda, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1976, anasonyeza kuti njirayi imachepetsa ndi theka kapena kuposerapo chiopsezo chakuti munthu asiyiretu kuona.

Laser yomwe imatchuka m'zotsatsa malonda ndi ina, yotchedwa excimer. Iyo imasenga cornea, kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso, ndi kusintha maumbidwe ake kuti munthu aone popanda magalasi. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza njirayi mu 1995, ndipo opaleshoni yodziwika ya LASIK inatsatira pambuyo pake. Ndi thandizo labwino kwa amene ali ndi ndalama, koma ntchito yomweyo magalasi amaigwiranso.

Pa chicherewecherewe, mnofu wolimba womwe umaumba mphuno ndi khutu, ntchitoyi idakali yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa ku Russia Emil Sobol ndi anzake anaonetsa kuti chicherewecherewe chikatenthedwa pang'ono, kufika madigiri 60 mpaka 70, chimafewa, ndipo chikapindidwa nkuzizira chimasunga maonekedwe atsopanowo. Madokotala ayesa njirayi powongola chotchinga cha pakati pa mphuno chomwe chapotoka nkumatsekereza mpweya, ndiponso pokonza makutu otambasuka. Chovuta nkuyeza kutentha, chifukwa kukapitirira pang'ono mnofu umafa. Mwa ichi zipatala zambiri zikadadalirabe opaleshoni ya masiku onse.

Ku Africa, phindu lalikulu la laser lili pa matenda a shuga ndi glaucoma, nthenda yomwe imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, kawirikawiri chifukwa cha kuchuluka kwa mphamvu ya madzi a m'diso. Kafukufuku wa pachipatala cha Kilimanjaro Christian Medical Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti laser inatsitsa mphamvuyo bwino kuposa mankhwala odontheza a timolol. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa wodwala wa kumudzi, amene sangathe kugula botolo la mankhwala mwezi ndi mwezi moyo wake wonse.

Pa matenda awiriwa laser imateteza kuona komwe kwatsala, siibweza komwe kwatayika, ndipo onse amayamba popanda ululu. Nchifukwa chake madokotala amalangiza aliyense wodwala shuga kuti azipimitsa maso kamodzi pachaka, ngakhale akuona bwinobwino. Ku Malawi, malo amodzi otumizirako odwala maso ndi Lions Sight First Eye Hospital, pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre.