Mbiri ya Mwambo Wofotokozerana Kanema

Pa miyambo imene idalowa m'dziko muno pamodzi ndi sitima ya pamtunda, njinga yakapalasa ndi galamafoni, ulipo umodzi umene olemba mbiri sauwerengera kwenikweni, mwina chifukwa ulibe ng'oma, ulibe namkungwi, ndipo suyembekeza nyengo ya masika. Komabe aliyense amene adakulira pafupi ndi msika kapena sukulu adzavomereza kuti mwambowu ulipo ndithu: anthu a kuno akaonera kanema sabalalika mwakachetechete, koma amasenza zimene aonazo kunka nazo pakhonde, kuchitsime ndi pabawo, kumene amaziweruza, kuzitsutsana ndi kuzisewera kachiwiri, kufikira iye amene sadapite n'komwe ayambe kukonza mawu a iye amene adapita. Ndifuna kulondola mapazi a mwambo umenewu, pakuti ndikhulupirira kuti m'menemo ndimo mudabisala mbiri yeniyeni ya kanema pakati pathu.

Makolo athu ambiri sadayambire kwawo kuno kuona zithunzi zoyenda. Adakaziona ku migodi ya ku Joni, kumene ankapita ndi a Wenela, ndiponso ku Salisbury ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, mbusa wina wa ku America, Ray Phillips, adayamba kuonetsa kanema m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg, ndipo eni migodi adagwirizana naye, poganiza kuti munthu amene wakhala pansi kuonera bayisikopo alibe nthawi ya mowa ndi ndewu. Kanema wa masiku amenewo adali wosalankhula. Pakati pa onse amene ankaoneka pansalupo, wokondedwa kopambana adali Charlie Chaplin, kamunthu ka ndevu zapamlomo, nsapato zazikulu ndi kandodo kopindika, amene anthu a m'migodi adamutcha SiDakwa, dzina limene khutu la Mchewa silifuna womasulira, pakuti ndi chidakwa chomwechi. Onani tsono chimene chidachitika: mwini dzina adali ndi dzina lake, koma oonera adamupatsa lawo, kanema adalibe mawu, koma oonera adamuikira awo. Ndipo munthu akabwerera kumudzi ndi bokosi lake la malata, bulangete ndi chipewa, ankabwera nayenso SiDakwa m'thupi mwake, namuonetsa madzulo pamoto ndi mayendedwe a miyendo yotagadza, ana ali gwaa kuseka, ngakhale sadaonepo nsalu ya kanema chibadwire chawo.

Ku migodi ya mkuwa nako zidayenda chimodzimodzi. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, amene adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, adapeza kuti oonera kumeneko ankakonda kwambiri akanema a amuna okwera pa akavalo a ku America, ndi kuti ngwazi iliyonse ya m'kanema wotere, kaya dzina lake lenileni ndani, ankangoitcha Jack. Chingerezi cha m'kanemamo ambiri sankachimva, ndipo sichinkamveka n'komwe, chifukwa khamu lonse linkafuula, kuchenjeza Jack za mdani amene ali kumbuyo kwake, kuombera m'manja nkhonya yabwino, ndi kufotokozerana mokweza zimene aliyense akuganiza kuti zikuchitika. Mlendo akadati ndi phokoso chabe. Koma ife amene tidaleredwa ndi nthano tidziwa kuti wokamba akati padangokhala, omvera sakhala duu ngati miyala, amavomera kuti tili tonse, ndipo nthano yopanda ovomera imafa ili m'kamwa.

Boma la atsamunda litaona mphamvu ya chinthu chimenechi, lidafuna kuchimanga goli kuti chilime m'munda mwake. Pakati pa 1935 ndi 1937 padali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham adaitsogolera kuchokera ku Tanganyika. Iwo adajambula akanema 35 ophunzitsa za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama ku positi, nayenda nawo pagalimoto m'maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland. Mu 1948 kudakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, yojambulira anthu a maiko atatu, Rhodesia ziwiri ndi Nyasaland, ndipo akanema ake ambiri adamangidwa pa msanamira imodzi: munthu wanzeru amene amvera mlangizi wa boma nalemera, ndi munthu wopusa amene akana malangizo nagwa m'mavuto. Galimoto inkafika pabwalo la sukulu dzuwa litapendeka, nsalu nkukwezedwa, injini nkulira, ndipo womasulira ankaima pambali ndi chokuzira mawu kulongosola m'chinenero cha anthu. Koma phunziro ndi la mphunzitsi, chigamulo ndi cha omvera. Dziko litakakamizidwa kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu ambiri adayamba kuiyang'ana ndi diso la kumbali galimoto ya kanema ija, pozindikira kuti mwini mphika ndiye mwini ndiwo, ndi kuti chithunzi nachonso chikhoza kunama monga amanamira munthu.

Ufulu utabwera mu 1964, m'mizinda mudali nyumba zoonetseramo kanema, monga Apollo mu Blantyre, kumene mnyamata wa pantchito ankapita atasita malaya ake bwino Loweruka masana. Koma mu 1968 kudakhazikitsidwa lamulo lopatsa mphamvu bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi akanema, ndipo lumo la bungwelo linkadula zonse zimene lidaziyesa zolaula kapena zosokoneza, kotero kuti nthawi zina nkhani inkalumpha ngati mbuzi yodumpha ngalande, oonera natsala kudzaza okha mpata umene watsalawo. Wailesi ya kanema nayo padalibe m'zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, Television Malawi idadzayamba mu 1999. Chifukwa chake anthu ambiri, makamaka a kumidzi, nthabwala zawo ankazipeza m'khutu, pa wailesi ya MBC, kumene sewero la Kapalepale linkasonkhanitsa banja lonse mozungulira kabokosi kamodzi, ndipo m'mawa mwake zimene wanena Smart Likhaya Mbewe zinkakambidwa kumunda ndi kuchigayo monga nkhani ya mnansi.

Pano ndiyenera kuima pang'ono pa munthu woseketsa, pakuti iye ndiye mwala wa pangodya wa mwambo wonsewu. Sikuti Achewa adaphunzira kuseka kwa Chaplin ayi. Tidali naye kale Kalulu, wamng'ono wogonjetsa akulu ndi nzeru. Tidali nawo adzukulu, amene pamaliro penipeni amaloledwa kunena zoseketsa ndi zobaya, kuti misozi ipume ndi kuti choonadi chimene achibale akuopa kuchitchula chituluke. Tidali nazonso zilombo za gule wamkulu zimene zimanyoza khalidwe loipa poliyerekeza pabwalo, anthu naseka, mwini khalidwelo nazimva yekha m'mtima. Choncho John Nyanga ndi Eric Mabedi atatuluka monga Izeki ndi Jakobo, wina wooneka wopepera koma wosagonja pa mtsutso, wina woyesa kuwongola mnzake mpaka kutopa, anthu adawalandira ngati abale amene adawadziwa kale. Nyanga adatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021, koma kufikira lero anthu awiri akamakangana pa chinthu chopanda mutu, wachitatu amawafunsa ngati asanduka Izeki ndi Jakobo. Michael Usi naye adalowa m'nyumba za anthu monga Manganya m'sewero la Tikuferanji, ndipo ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, dzina la pasewero lija silidamuchoke pakamwa pa anthu. Woseketsa weniweni amanena chimene mfumu ndi mbusa amazengereza kunena, ndipo anthu amamusunga m'chikumbumtima chifukwa mankhwala ake owawa amawamwetsa m'phala.

Mwambo wofotokozerana udafika pachimake m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene matepi a vidiyo adafalikira, ndipo pamsika uliwonse padamera kanyumba koonetseramo kanema. Ine ndidakaona ndi maso anga. Kadali kanyumba ka njerwa zosawotcha, mawindo otsekedwa ndi ziguduli kuti kuwala kusalowe, mabenchi a matabwa osapala, jenereta ikulira kuseri, ndi sipika yaikulu yopachikidwa panja kuti kulira kwa mfuti ndi nkhonya kuitane odutsa m'njira. Pakhomo padali bolodi lolembedwa ndi choko maina a Rambo, Bruce Lee, Chuck Norris ndi Van Damme. Ife ana sitinkakhala ndi ndalama tonse. Tinkasonkha timakobiri tathu nkulowetsa mmodzi, amene tidamudziwa kuti ali ndi pakamwa, otsalafe nkumasuzumira pang'ono pa kabowo ka chiguduli mpaka mwini malo atatithamangitsa. Mnzathuyo akatuluka, maso ali psuu ndi utsi ndi mdima, tinkakhala naye pansi pa mtengo wa mango, ndipo kanema ankayambanso. Iye ankakhala ekita, iye yemweyo mkulu wa achifwamba, iye yemweyo helikopita. Ankagwa pafumbi pomwe wagwa munthu, nadzuka kudzalongosola chifukwa chake adayenera kufa. Wina akafunsa ngati ngwaziyo idapulumuka, yankho lidali lokonzeka kale, lakuti ekita safa. Pambuyo pake pankabuka mlandu umene sudathe kufikira lero, wakuti Bruce Lee ndi Rambo atakumana angapambane ndani, ndipo mlanduwo unkazengedwa ndi mboni, umboni ndi kukweza mawu kosasiyana ndi bwalo la anyakwawa. Ndidadzaona ena mwa akanemawo nditakula, ndipo ndinena zoona kuti angapo adandikomera kwambiri m'kamwa mwa mnzanga uja kusiyana ndi pagalasi.

Zaka za m'ma 2000 zitayamba, akanema a ku Nigeria adasefukira ngati madzi a m'mwezi wa February, ndipo amayi, amene kale sankalowa kawirikawiri m'tinyumba ta vidiyo tija, adapeza nkhani zowakhudza: apongozi ovuta, mitala, ufiti, chuma cha masiye. Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, amene anthu amawadziwa monga Aki ndi Pawpaw, pamodzi ndi John Okafor, Mr Ibu uja, adakhala maina a m'nyumba. Kenaka anyamata a m'matauni adayamba kuika mawu a Chichewa pa akanema a ku China ndi kwina, osati kumasulira liwu ndi liwu, koma kuikamo nthabwala, maina ndi malo a kuno, kotero kuti mmonke wa kumapiri a kutali amalankhula ngati wogulitsa malonda mu Limbe. Ameneyu ndi mdzukulu wa womasulira wa pagalimoto ya atsamunda uja, ndiponso mdzukulu wa mnzanga wa pansi pa mango. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wofotokozayo walowa m'kati mwa kanema mwenimwenimo.

Chimene chidachedwa kufika ndicho chizolowezi chofunsa za mmisiri amene adaumba kanemayo. Kwa zaka zambiri tinkatchula kanema ndi dzina la womenya nkhonya, osadziwa kuti kuseri kuli wina amene adasankha poimika kamera ndi pothera nkhani. Tidayamba kufunsa funsoli pamene ana a kwathu adagwira ntchitoyi. Shemu Joyah adatipatsa Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017; Joyce Mhango Chavula adapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi kanema wake wotchedwa Lilongwe. Ndipo mu 2019, Chiwetel Ejiofor atatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, dziko lonse lidakhala pabwalo: ena adanyadira kumva Chichewa chikumveka kumaiko akutali, ena adadandaula kuti Chichewacho chidatuluka cholemera m'kamwa mwa alendo, ndipo ena, amene adaiona njala ya 2002, adangoti zii, misozi ili m'maso. Tsiku limenelo tidaweruza monga eni nkhani, pakuti nyumba ikakhala yako umadziwa pamene ikudontha.

Lero kanema ali m'thumba la munthu aliyense amene ali ndi foni, ndipo ndi chinthu chabwino kuti mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa safunikanso kusuzumira pa kabowo ka chiguduli. Nkhawa yanga ndi imodzi yokha, kuti tingazolowere kuonera aliyense payekha, makutu atatsekedwa, kuseka kopanda womva, ndi kugona osafunsa mnzathu kuti iwe unaziona bwanji. Mutu umodzi susenza denga, ndipo diso limodzi silitha kanema. Makolo aja a ku migodi adalandira chinthu chachilendo, chosalankhula, nachipatsa dzina, mawu ndi malo pamoto, ndipo potero sadalole kuti chiwameze. Cholowa chimenecho tichisunge motere: mwana akatha kuonera, timuitane akhale pamphasa, atiuze zimene waona, amene wamuseketsa ndi chifukwa chake, ndipo iye akayamba, ife tivomere kuti tili tonse.